Diso la mfuti ya ababa

Ndikukumbukira chaka chimene anyani ananditulutsa sukulu. Ndinali kamtsikana kongoyamba kumene kudziwa zilembo, ndipo munda wathu unali m'tsinde mwa phiri, kuseri kwa Liwonde. Chimanga chikangoyamba kubereka, anyani ankatsika gulu lonse, chinyani chachimuna cha imvi m'khosi chili patsogolo. Amayi anali ndi khanda, azichimwene anali ku Halale, ndiye wokhala pansanja kulinda ndinali ine. Kuyambira mame mpaka dzuwa kupendeka ndinkangomenya chitini ndi kukuwa mpaka mawu kusasa. Nsanja imeneyo ndinkadana nayo ndi mtima wanga wonse.

Ababa anali msilikali wobwerako ku nkhondo, ndipo boma linawalola kusunga mfuti yotetezera mbewu. Koma maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Ankawombera, fumbi n'kubuka pambali, chinyani chija n'kungodzikanda m'nthiti ngati chikuwaseka.

"Mfuti iyi ikusowa diso, Agnesi," anandiuza tsiku lina. "Tikagwetsa mtsogoleri wawoyo, enawo athawira kutsidya kwa phiri. Iwe ubwerera kusukulu."

Diso ankanenalo linali galasi loonera patali, lomangirira pamwamba pa mfuti. Anamva kuti m'sitolo ya Mmwenye wina ku Balaka munali awiri ogwiritsidwapo kale ntchito, osiyidwa ndi azungu a m'maesiteti. Anagulitsa mbuzi, azakhali n'kundigwirira nsanja, ine ndi ababa n'kuwoloka Shire pa pantoni. Ananditenga chifukwa maso anga anali akuthwa.

M'sitolomo munkanunkhira nsalu zatsopano ndi palafini. Galasi loyamba linali lakuda, lolemera. Nditayikapo diso, munthu amene anali kusiteshoni anabwera pamphuno panga, mpaka ndinaona chigamba pa malaya ake. Lachiwiri linali lopepuka, lofumbuluka, ndipo tizitsulo take tomangira tinali totha mano. Ndinawauza ababa zimene ndinaona. Anafunsa mtengo wa lakudalo, atamva analibweza pang'onopang'ono ngati dzira. Mbuzi yathu sinkafikako ngakhale theka.

"Ili lotchipali limagwedera, bambo," anatero mwini sitolo. Sanatinamize iyayi.

"Tikalimanga ndi chikopa," ababa anayankha osamuyang'ana.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti galasi silimangoikidwa basi. Liyenera kuphunzitsidwa kuyang'ana kumene mfuti ikuyang'ana, ndipo phunziro lake limadya zipolopolo. Zipolopolozo sizinkagulidwa mwachisawawa: boma linkaloleza zochepa, zikatha mudikire chaka china.

Ababa anajambula bwalo la njereza pa mlambe. Anagona chafufumimba, n'kuwombera. Chipolopolo chinalowa m'mwamba. Anapotokola kachitsulo, n'kuwomberanso, chinalowa pafupi ndi pakati. Ndinadumpha n'chisangalalo, m'maganizo sileti ili kale m'khwapa. Koma chotsatira chinapita kumanzere kwenikweni. Mfuti ikagunda phewa, galasi linkasuntha pang'ono, zonse zimene laphunzira n'kuiwala. Anamanga ndi chikopa chonyowa, anapanikiza ndi kansungwi, koma sizinathandize. Kusiya sakanatha, poti mbuzi inali itapita kale. Kupitiriza kunali kutha zipolopolo. Ndinkawaona akupapasa m'thumba, thukuta lili chuchuchu, ndipo ndinachita mantha.

Chomaliza anachisungira chinyani chija. M'mawa mwake chinyanicho chinakhala pamwala, poyera, ngati chaitanidwa. Mfuti inalira, nthambi inathyoka chapatali, ndipo gulu lonse linabalalika. Dzuwa lisanafike pamutu gululo linali litabwereranso.

Madzulo ababa anamasula galasilo n'kundipatsa. "Uziwaonera akadali m'phiri," anatero ndi mawu otsika. Za sukulu sanatchule, inenso sindinafunse.

Ndinakhala nalo pansanja nyengo imeneyo ndi zina zotsatira. Anyani ndinkawaonadi msanga. Koma belu la ku mishoni likalira, ndinkatembenuzira galasi kumsewu. Anzanga ankabwera pafupi zedi, masileti m'manja, milomo ikuyenda, timizere topingasa ta m'galasimo titawadutsa pachifuwa. Ndinkatha kuona amene wameta kumene. Ndikachotsa diso, anali timadontho kutali, ine ndili pomwepo ndi chitini changa. Ndinkalira, osabisa.

Kuwerenga ndinadzaphunzira ndili mayi, ana anga omwe akundigwira dzanja. Kwa zaka zambiri ndinkawasungira ababa mkwiyo, ndimvekere bwanji sanadikire kuti agule labwino lija. Lero ndikudziwa kuti kudikira kunalibe: chimanga chinali m'munda, mbuzi inali imodzi, ndipo iwonso anali pansanja yawoyawo. Ndikudziwanso kuti wosauka akagula chotchipa, mtengo wotsalawo sufafanizika, amadzalipira ndi wina wa m'nyumba mwake. Wa galasi lija ndinalipira ndine, ndipo ababa ankadziwa. N'chifukwa chake mpaka tsiku limene anamwalira, belu la sukulu likalira, ankayang'ana pansi.