Zala za Azakhali Tendepa

Azakhali anga a Tendepa anali ndi zala zoduka. Kwathu ku Enga mkazi akafedwa ankadzidula chala ndi nkhwangwa, ndipo azakhaliwo nkhondo za mafuko zinawalanda mwamuna ndi ana. Atalowa mpingo anausiya mwambowo, koma popemphera ankakweza tizitsa ta zala tija n'kumati, "Zikomo Mulungu." Ine zinkandinyansa.

Tsiku lina adani anatentha nyumba zathu, kubaya nkhumba, n'kumutema Pyaso, mwana yekhayo amene anawatsalira. Tinamunyamula mutu utang'ambika, magazi akuchucha m'matope, ndipo anatsirizika pamiyendo pa mayi ake. Ndinatola nkhwangwa kuti ndikabwezere.

"Bwera nayo kuno!" anakuwa azakhali.

Ndinkayesa akufuna kudula chala china. "Mumuthokozenso lero Mulungu wanuyo!" ndinawakalipira. "Wakusiyirani chiyani?"

Anandilanda nkhwangwayo n'kuiponya m'moto, kenako anandigwira pakhosi ndi zala zotsala zija mpaka ndinabanika.

"Wandisiyira iweyo, chitsiru iwe!" anatero. "Khala pansi, ndimuthokoze ukadali ndi mutu."