Mutu wa a Chipewa pa Botolo la Mafuta

Ntchito yosoka nsapato ili ndi chipongwe chimodzi chimene anthu sachiganizira. Munthu umakhala pansi, chowerama, ndipo aliyense wobwera amayamba waona pamwamba pa mutu wako asanaone nkhope. A Chipewa anagwira ntchito imeneyi zaka makumi awiri ndi ziwiri pakhonde la sitolo ya zitsulo, atakhala pakampando kafupi, nyundo kudzanja lamanja, chitini cha misomali pakati pa mapazi. Dazi litayamba, eni akewo sanalione. Amene analiona anali makasitomala.

Mayi wina wogulitsa nsalu, pakamwa pake posatseka, anabwera kudzatenga nsapato zake n'kunena kuti lero dzuwa latulukira pawiri, kumwamba ndi pakhonde. Anthu anaseka, a Chipewa nawonso anaseka, koma m'mawa mwake anabwera atavala chipewa. Sanachivulenso. Kutenthe motani, thukuta lizichita kuyenderera m'khosi, chipewa chili pomwepo. Dzina lawo lenileni linafera pamenepo, ndipo ngakhale ana awo atatu akamalozera anthu njira ankangoti kwa a Chipewa.

Pa ntchito anali munthu wosadziwa kunamiza. Osoka ena nsapato ikang'ambika amangomata guluu, n'kutsekapo ndi polishi wambiri, mwini wake n'kukazindikira mvula itagwa. A Chipewa zimenezo zinkawanyansa. Nsapato ikakhala yotha ankanena kuti yatha, ndipo makasitomala ena ankachoka atakwiya chifukwa chouzidwa zoona. Polishi ankapaka pomaliza, ulusi utagwira kale.

Kumapeto kwa khonde lomwelo kunali kachipinda ka matabwa ka wometa tsitsi, amene aliyense ankangomutcha Sizasi. Anali munthu wanthabwala, wailesi yake yosazima, galasi lake long'aluka pakona. Awiriwa anayamba ntchito pakhondepo m'chaka chimodzi. A Chipewa ankasoka nsapato za Sizasi, Sizasi n'kumawameta, ndipo panalibe amene ankapisa dzanja m'thumba. Mwana woyamba wa a Chipewa anametedwa koyamba pampando umenewo, akulira ngati akumupha. M'dziko lonse lapansi, Sizasi yekha ndiye ankaloledwa kuona pansi pa chipewacho masana, ndipo ankayamba wakoka katani ya pakhomo.

Za mankhwala zinayamba mwangozi. Guluu anawatulutsa zidzolo m'manja, ndipo kuchipatala anawatumiza kwa dokotala wa khungu, mayi wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono. Za manjazo zitatha, a Chipewa anaima pakhomo, n'kubwerera, n'kutsokomola, kenaka anavula chipewa ngati munthu wogwidwa ndi katundu wakuba. Dokotalayo sanaseke. Anayang'ana bwinobwino, anafunsa za bambo awo ndi amalume awo, ndipo anawalembera mankhwala opaka m'mawa ndi madzulo pamodzi ndi kapiritsi kamodzi patsiku. Sanawalonjeze nkhalango. Anati zimachedwa, mwina tsitsi liyamba lathothoka lisanamere, ndipo lonse silingabwerere.

"Maso amanama, bambo," anatero dokotalayo. "Muzijambula pamutupo kamodzi pamwezi, malo omwewo, kuwala komweko. Mukadzabwera tidzaone limodzi."

Tsono munthu amajambula bwanji pamwamba pa mutu wake? A Chipewa anayesa kubafa, foni ili m'mwamba, ndipo anajambula denga, khutu, ndi denga kachiwiri. Akazi awo sakanawapempha, chifukwa za mankhwalazo sanawauze. Ankaona ngati n'zochititsa manyazi, bambo wa zaka makumi anayi ndi zinayi, wa ana atatu, kumalirira tsitsi ngati mtsikana. Mankhwalawo ankawabisa m'nsapato yakale imene mwini wake sanabwere kudzatenga. Ndiye anapita kwa Sizasi, n'kumuuza zonse motsitsa mawu, ndipo Sizasi anagwira pachifuwa n'kunena kuti nkhaniyo yafera m'kachipindamo.

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse linakhala tsiku lawo. Katani ikakokedwa, Sizasi ankawafunditsa nsalu yake ya mizere yobiriwira, kuwameta m'mbali, kuwapukuta pamutu ndi kaburashi kofewa, kenaka n'kukwera pabenchi ndi kujambula. Ankajambula ndi foni yake, poti ya a Chipewa inali ndi galasi lokalika, ndipo chithunzicho ankawatumizira nthawi yomweyo.

Mwezi wachiwiri unali woipa. Tsitsi linkatsalira m'chipeso, ndipo a Chipewa anatsala pang'ono kutaya mankhwalawo m'ngalande. Anawaletsa ndi Sizasi yemweyo, amene anawakumbutsa mawu a dokotala. Mwezi wachitatu pachithunzi panaoneka kamthunzi. Wachinayi kamthunziko kanada. Pofika mwezi wachisanu, chipsera chawo chokhota ngati mbedza, chimene lata linawacheka ali mwana, chinali chitatsala pang'ono kubisika. A Chipewa ankatulutsa foni pakati pa ntchito, kuyang'ana, kuibweza m'thumba, kuitulutsanso. Anayamba kuimba mluzu. Anali atasankha ndi tsiku lomwe: mwana wawo wamkazi akamadzalandira satifiketi ya unamwino, iwo adzakhala kutsogolo, chipewa chili kunyumba.

Panali kanthu kamodzi kokha kamene kankawatopetsa. Loweruka lojambula lililonse, m'kati mwa chipewa munkada bii. Koma wosoka nsapato angadabwe ndi chinthu chakuda? Zala zawo, malaya awo, ngakhale buledi amene ankadya masana, zonse zinkakhala ndi polishi. Ankangodzidzudzula kuti akukanda m'mutu ndi manja osasamba, n'kuchapa chipewacho.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi anabwerera kwa dokotala, foni ili m'manja ngati satifiketi. Dokotalayo anayang'ana zithunzi, anayang'ana mutu, anabwereranso pazithunzi. Anatenga kagalasi kokulitsa, n'kuwaweramitsa pafupi ndi zenera. Kenaka anati mankhwala akugwiradi ntchito, kuthothoka kwaima, ndipo timatsitsi tating'ono tikumera m'mbali mwa dazi. Koma mutu wa pafoniwu, anatero, uli patsogolo kwambiri kuposa mutu umene uli pampandowu. Anafunsa amene amawajambula.

A Chipewa anapsa mtima, ndipo anapsera dokotala. Anati amawajambula ndi m'bale wawo, munthu amene amudziwa zaka zoposa makumi awiri, mwina ndi kuwala chabe kwa m'kachipindamo. Dokotalayo sanatsutse. Anangowauza kuti apitirize mankhwala.

Patapita masiku anayi kunabwera dalaivala wa galimoto ya buledi, kasitomala wakale, yemwenso mutu wake unali mbee. Atalandira nsapato zake sanachoke. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa kabotolo m'thumba la jekete.

"Achimwene, musakhumudwe," anatero. "Tonse timadziwa chimene chili pansi pa chipewacho. Ndagula awiri kudepoti, limodzi ndi lanu. Taonani munthu uyu, dazi lake linali loposa langali, koma miyezi isanu yokha."

Papepala lomatidwa pabotolopo panali zithunzi ziwiri za mutu wa munthu, zojambulidwa kuchokera pamwamba. Choyamba chinali ndi dazi lowala, ndipo pakati pake panali chipsera chokhota ngati mbedza. M'munsi mwa makutu munkaoneka nsalu ya mizere yobiriwira. A Chipewa anatsegula botololo n'kununkhiza. Anali mafuta wamba osakaniza ndi pafyumu yemwe uja Sizasi amathira anthu m'khosi akamaliza kuwameta.

Anathokoza dalaivalayo, poti munthuyo anabwera ndi mtima wabwino. Atachoka, a Chipewa anatsala akuyang'ana botolo lija. Mutu umene anaubisira akazi awo, umene anaupsereza ndi chipewa zaka zisanu ndi chimodzi, unali kudepoti, m'manja mwa makondakitala, m'matumba a anthu osawadziwa. Zimenezo zinawawa, koma chimene chinawalasa kwenikweni chinabwera pambuyo pake, atayang'anitsitsa chithunzi chachiwiricho, chakuda bwino chija. Anavula chipewa pakhonde pomwepo, anthu akudutsa, n'kuchitembenuza. M'mphepete mwa nsalu ya m'kati munali mutatsalira zakuda zimene sopo sanachotse. Anapalapo ndi chikhadabo, n'kununkhiza. Munthu amene wakhala ndi polishi zaka makumi awiri ndi ziwiri amadziwa fungo lake ngakhale ali m'tulo. Uyu sanali polishi.

Anadikira mpaka kasitomala wa Sizasi atatuluka. Analowa, anakoka katani okha, n'kuika botololo pashelefu pansi pa galasi. Kenaka anatsegula kabati kamene Sizasi ankasungiramo kaburashi kofewa kaja. Pambali pake panali kachitini ka ufa wakuda, umene ometa amawaza anyamata ofuna kuti mzere wa pamphumi uoneke wodzaza.

Sizasi anayamba ndi kuseka, monga mwa chizolowezi chake, koma kusekako kunathera panjira. Anazimitsa wailesi. Anati nkhope sikuoneka, palibe angadziwe. Anati ntchito yometa yafa, tinyamata tatsegula malo ometera paliponse, iye akanatani? Anati mafutawo savulaza munthu.

"Nanga ufawo?" anafunsa a Chipewa.

"Poyamba sunali wa botolo, achimwene, ndikulumbira. Mwezi wachitatu uja munalowa muno nkhope ili pansi, mukuti musiya mankhwala. Ndinangowazako pang'ono kuti mulimbe mtima. Munatuluka mukuimba mluzu. Ndiye mwezi wotsatira ndikanasiya bwanji? Za botolo zinabwera pambuyo, nditaona mmene zithunzizo zinkakongolera."

"Ndiye miyezi inayi yonseyi ndakhala ndikusangalalira ufa."

"Koma tsitsi likumeradi, pang'ono."

"Pang'onopo ndi pamene ndinkafuna kuona. Ndi panga. Ndinabwera kwa inu chifukwa pamwamba pa mutu wanga sindingaonepo, ndipo inu mumadziwa zimenezo."

A Chipewa anatenga chipewa chawo n'kutuluka, botololo analisiya pomwepo.

Kunyumba anapeza akazi awo akuanula zovala. Anavula chipewa pabwalo, dzuwa likadalipo, n'kufotokoza zonse kuyambira kwa dokotala mpaka kudepoti. Mayiwo anamvetsera, zovala zili paphewa, kenaka anati za mankhwalazo anadziwa sabata yoyamba, poti pilo ankanunkha ngati chipatala. Ankangodikira kuuzidwa. Mawu amenewa anawachititsa manyazi a Chipewa kuposa botolo lija.

"Khalani apo, bambo a ana," anatero mayiwo, akukoka mpando. "Foni yanuyo bweretsani."

Chithunzi chimene chinatuluka sichinali chokongola. Chipsera chinali poyera, dazi lili pomwepo, lochepa pang'ono chabe kuposa la mwezi woyamba. M'mbali mwake munali timatsitsi tofewa, totuwa, tosowa mphamvu. A Chipewa anachiyang'ana nthawi yaitali. Anazindikira kuti tsiku la satifiketi adzapita ndi chipewa, kapena adzapita ndi dazi, koma mutu wa pabotolo uja sudzakhalapo. Anafufuta zithunzi zonse za Sizasi kupatula choyamba, chimene chinali choona. Madzulo amenewo anapaka mankhwala awo ali pabwalo, ana akuona.

Panatsala chinthu chimodzi. Pansi pa benchi yawo kuntchito panali nsapato zakuda za Sizasi, zopitira ku tchalitchi ndi kumaukwati, zimene anazisiya sabata yapitayo zitang'ambika m'mbali, zidendene zitadyeka. A Chipewa anaganiza zozibweza momwemo. Anaganizanso zoziponya padenga la sitolo. Koma Lolemba m'mawa anazitenga, anasenda zidendene zakalezo n'kukhoma zatsopano, anadula zigamba ziwiri pachikopa chofiirira chimene chinalipo, n'kusoka ndi ulusi woyera wopaka phula, mfundo iliyonse yolimba. Nsapato zimenezo zikanayenda zaka zina zisanu osafunanso wosoka, ndipo n'zimene iwo ankafuna.

Anayenda nazo mpaka kumapeto kwa khonde n'kuziika pakhomo la kachipindako, osalowa. Sizasi anatuluka, makina ometera ali m'manja. Anayang'ana zigamba zofiirirazo pa nsapato zakuda, ulusi woyera ukuonekera patali, n'kuyesa kumwetulira.

"Mwaiwala polishi, achimwene."

"Sindinaiwale," anatero a Chipewa. "Zodetsera muli nazo kale."

Anabwerera pakampando kawo, n'kutola nsapato ya mwana wasukulu imene inkadikira lamba. Loweruka loyamba la mwezi wotsatira, Sizasi anapukuta mpando wake pa nthawi yomwe ija, katani ataikoka theka. A Chipewa anali atametedwa kale kutsidya kwa msewu, kwa munthu wosawadziwa, amene anameta osafunsa kanthu.