Botolo la Kambuzi Limene Linandibweza ku Joni

Mumsika wa Ndirande munalibe wondigonjetsa pa kunenerera. Choncho matipate atalowa, aliyense atayamba kugulitsa kaunjika ngati ine, ndinaganiza zopita ku Joni, ndipo mkazi wanga Nachisale sindinamuwerengere n'komwe.

Ine ndinati ndikakhalako zaka zitatu. Iye anati chaka. Tinakokana sabata yathunthu, kenako anabwera ndi botolo la tsabola wa kambuzi wosinja yekha.

"Tichite chonchi, aPhiri. Uyu akatha, mubwere."

Ndinaseka chamumtima. Botolo likhala kwa ine, supuni kwa ine. Ndinavomera ngati ndagula njinga pa mtengo wa belu.

Ku Joni ndinapeza ntchito ya m'dimba kwa mzungu wina wokalamba, n'kumagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Ndalama pang'ono ndinkatumiza ndi madalaivala a mathiraki, pamodzi ndi kalata: ndili bwino, tsabola akadali m'khosi mwa botolo. Mwezi woyamba zinali zoona. Koma Lamlungu la ku Joni ndi lalitali. Palibe wokuitana dzina, ndipo m'sitolo mtengo ndi wolembalemba, ulipire uzipita. Ndikatsegula botolo lija, fungo limandikhazika pakhonde pathu, n'kumamva oitanira minibasi kumsewu. Kansonga ka supuni kanasanduka supuni yodzaza.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri ndinatsukuluza botolo ndi madzi. Ndinagula tsabola wa kumeneko n'kuthiramo kuti bodza lipitirire. Ankangowawa basi, fungo analibe. M'mawa mwake ndinakapeza bwana.

"Chilli is finish, sir."

Mkuluyo anali mphunzitsi kale. Anati ndizinena kuti "I have run out of chilli." Ndinabwereza bwinobwino katatu, kenako ndinapempha malipiro anga.

Ndinafika ku Ndirande ndi wailesi, bulangete, ndi ndalama yokwana malata a theka la denga. Nachisale ananditsegulira chitseko mimba ili patsogolo, yotopa kale. M'makalata sanatchulepo.

"Bwanji osandiuza?"

"Mukananenerera. Mukanati mubwera mwana akayamba kuyenda."

"Nanga tsabola akanapanda kutha?"

"Zaka zinayi ndikukuonani mukudya, aPhiri. Ndinachita kuyeza ndi supuni yanu yomwe."

Mwana anabadwa patatha masabata awiri, ine ndili panja pa chipatala ndi fulasiki ya tiyi. Theka lina la denga linadontha zaka zitatu. Botolo lilipobe pakabati, muli mchere. Anzanga pamsika amati ndinagulitsa Joni yonse ndi tsabola. Inu mwamva mbali zonse: pamalonda amenewa anawina ndani?