Chaka Chimene a Kutsidya Anabwera

Desiki yathu inali ndi msomali wong'amba yunifolomu, ndipo inakhomedwa kuti pazikhala ana awiri. Chaka chimene ndinali mu giredi seveni, tinkapanikizanapo anayi.

Kamvuluvulu wa mu Ogasiti anali atasasula denga la sukulu ya kutsidya kwa dambo. Ahedi athu ndi ahedi awo anagwirizana kuti ana awo a seveni aziphunzira kwathu mpaka mayeso. Awa anali anthu amene tinkatukwanana nawo pa mpira, ndipo tonse tinkalimbirana malo ochepa a ku sekondale yogonera konko ku Chama.

Amalume anakalipa kumsonkhano wa makolo. "Manje mukuwanolera mpeni woti adzachekere ana athu?" Amayi kunyumba ankangondifunsa kuti wakhala nambala wani ndani.

Kunkatentha ngati m'ng'anjo. Malata ankalira thethethe, thukuta likudontha pa kope. Pambali panga panakhala mtsikana wa kutsidya, wa miyendo yotuwa ndi fumbi la njira, masawu ali m'thumba. Masamu ankamaliza ine ndisanalembe ndi deti lomwe. Mtima wanga sunkakhala m'malo. Pomulondola ndi maso, nthawi zina ndinkaiwala kumvera phunziro.

Aphunzitsi a kutsidya ndiwo ankatiphunzitsa masamu tonse, athu Chingerezi. Munthu uja ankathyola bango patsogolo pathu, zidutswa n'kuziyala patebulo, mpaka mafulakishoni amene anandizunza zaka ziwiri analowa m'mutu. Ndikaganiza lero, ndikuona kuti popanda iye mayeso aja sindikanakhoza. Nthawi imeneyo ndinkangomuona ngati mlendo wokondera ake.

Zotsatira zitatuluka, sukulu zonse ziwiri zinakhoza kuposa kale. Koma malo amene ndinkawayembekeza ku Chama anapita kwa mtsikana uja. Ine ndinasankhidwira sukulu yoyendera.

"Si ndinanena?" anatero amalume.

Tsiku lotsegulira sukulu, ndikuchokera kumjigo, ndinaona ahedi athu akukankha njinga m'matope. Pakaliyala anamangapo sutikesi ya mtsikana uja, iye akuwatsatira pambuyo, kupita kumsewu kukadikira galimoto. Ahediwo ankaseka, mpaka anandibayibitsa.

Ndinaima ndi chidebe pamutu, madzi akundichuchira m'khosi. Sindinkamvetsa kuti munthu angakondwere bwanji chonchi ndi mwana amene sanali wa pasukulu pake.