Mbale Imene Inakhalitsa Tsidya Lino

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anali ndi mudzi wakewake. Anaujambula ndi pensulo kuseri kwa pepala lomata pakhoma limene linatsala titakonza chipinda, ndipo akaliyala pansi linkayambira pakhomo la khitchini mpaka pazenera. Tinkakhala kudziko la azungu, ku Nechells, m'nyumba yosanja ya khonsolo. Pazenerapo tinkaona madenga a mafakitale ndi ngalande ya madzi obiriwira imene sinkayenda n'komwe. Iye anaisandutsa mtsinje waukulu, mudziwo n'kuutcha Padooko, mawu amene anawatola m'kamwa mwanga.

Masiku amenewo ndinkagwira unamwino mashifiti a usiku, bambo ake ankagwira masana, ndiye tinkangopatsirana mwana pakhomo. Loweruka m'mawa ndikaweruka ndinkadziponya pasofa ndi yunifomu yomwe, iye n'kugwada papepala lake kuyamba kundiuza za kwawoko. Ankayankhula Chingerezi, ine ndinkayankha Chichewa, ndipo ndikamasinza ndinkamva nkhafi zikugunda madzi pansi pa sofa.

Anthu a Padooko ankagulitsa nkhungu. Mamawa ankaikokolola pamtsinje ndi malichero, kuitsekera m'mitsuko, n'kupita nayo kwa anthu a kumapiri amene kwawo mvula sigwa. Kumeneko ankasinthanitsa ndi mchere, singano ndi mabelu a mbuzi. Ndinamufunsa kuti nanga mtsuko ukasweka panjira? Anati wonyamulayo amasochera masiku atatu, n'chifukwa chake amayenda atavala belu m'khosi.

Mfumu kunalibe. Mudzi unkalamulidwa ndi amayi asanu ndi awiri opalasa mabwato, aliyense tsiku lake, ndipo ndandanda yawo anaikopera pa ya mashifiti anga imene inali pafiriji. Anthu akayambana, wolamulira tsikulo ankawakweza m'bwato, kupalasa mpaka pakati pa mtsinje, n'kuponya nkhafi m'madzi. Palibe ankatsika mpaka atamvana. Ndinaseka nditatsinzina, ndinati boma limeneli likanabwera kuchipatala kwathu, theka la wodi likanagona pamadzi.

Tsiku lina anandifunsa kuti midzi imapalana bwanji ubwenzi. Tulo tili m'maso, ndinangomuuza zimene ndinakula nazo: mnzako akakupatsa chakudya m'mbale yake, mbaleyo subweza yopanda kanthu. Umaikamo ngakhale tomato awiri, nayenso amadzaikamo kena, mbale n'kumangoyenda. Anazikonda. Anajambula mudzi wina kutsidya, wa anthu oweta njuchi, ndi kabwato konyamula mbale imodzi, uku kukupita nkhungu, uko kukuchokera uchi.

Sindinaganize kuti mwanayo amayang'ana pamwamba pa firiji. Pamenepo panali mbale yachitsulo ya maluwa ofiira, ya chivundikiro chake, ya achemwali anga aakulu. Iwo ankakhala ku West Bromwich, nawonso namwino, ndipo mwanayu anakulira kumsana kwawo ine ndili kuntchito. Ankawatcha amayi aakulu. Lamulungu lina anabwera ndi zitumbuwa m'mbale imeneyo, pali amayi ena a kutchalitchi, n'kumva mwana akundiyankha Chingerezi. Achemwaliwo anaseka, n'kunena kuti ine ndalera mzungu. Ine ndine wa mtima wapachala, ndikudziwa. Ndinawafunsa kuti zolera mwana akuzidziwira kuti, iwo amene sanabereke. Anatenga chikwama chawo n'kutuluka, mbale n'kuisiya.

Kuibweza yopanda kanthu kukanakhala kuthetsa chibale. Kuikamo kanthu kukanakhala kupepesa, ndipo khosi langa linali louma. Ndiye inangokhala pamenepo miyezi khumi, ikutola fumbi. Kutchalitchi iwo ankakhala kumanja, ine kumanzere, mwana akusuzumira pakati pa mitu ya anthu. Ndinkawasowa kwambiri, koma sindinauzepo munthu.

Loweruka lina, kunja kuli chifunga chenicheni moti mafakitale sankaoneka, ndinagona pasofa kudikira nkhani za Padooko. Sindinamve nkhafi. Ndinamva kukhutakhuta kwa labala. Nditatsegula maso ndinaona mwana akufufuta mudzi wa kutsidya, nyumba ziwiri zitapita kale.

"Iwe, ukuonongeranji zokongolazo?"

Anati mbale inakakamira tsidya lino. Amayi opalasa aja anakhala pansi n'kugamula kuti mbale ikatha miyezi khumi osawoloka, mudzi wa kutsidya umalowa m'nkhungu, nyumba imodziimodzi, mpaka aliyense aiwale kuti kunali anthu.

"Ndiye uwauze asinthe," ndinatero. "Si mudzi wako womwe?"

"It's the law, Mum," anatero osandiyang'ana, kutanthauza kuti lamulo ndi lamulo. Kenako anauzira tinyenyeswa ta labala, n'kunena motsitsa kuti wayamba kuiwala mmene m'nyumba mwa amayi aakulu mumanunkhirira.

Tulo tinandithawa. Ndinachita manyazi kwambiri, ine mayi wamkulu kuweruzidwa ndi amayi a pensulo. Ndinakwera pampando, kutsitsa mbale ija n'kuitsuka kawiri. Nthochi zinalipo zakuda bii, ufa unalipo. Ndinakazinga zitumbuwa ndili wotopa, zina n'kupserera.

Tinakwera basi mpaka m'tauni, kenako thiramu, kasitima koyenda m'misewu. Mwana anaika mbale pamiyendo, ataigwira ndi manja awiri, yofunda mu nsalu. Thiramuyo inkayandama m'chifunga mwakachetechete, ndipo ndinkangomva ngati wina waponya nkhafi m'madzi, kutsika kulibe.

Achemwali anatsegula chitseko ali ndi duku kumutu. Anayang'ana ine, anayang'ana mbale. Mwana anali atawakumbatira kale m'chiuno, mphuno itakwiririka mu juzi lawo.

"Achemwali, ndinalakwa," ndinatero. Mawu enawo amene ndinakonza m'njira anasowa.

Anavundukula mbale n'kununkhiza.

"Zapserera izi. Umakazinga uli m'tulo? Unali pa naiti eti?"

"Eya."

"Lowani, mukundilowetsera mphepo, hita ili oni."

Tinamwa tiyi. Za tsiku lija sitinazitchulenso, koma zitumbuwa anadya zitatu, zopsererazo. Ine ndinagona pampando wawo mpaka madzulo, ndikumva chapatali awiriwo akucheza, wina Chichewa, wina Chingerezi. Potsanzika ndinaona mbale ili pathebulo, itatsukidwa. Ndinatambasula dzanja mosaganiza, iwo n'kundimenya kambama pachala.

"Isiye. Ndibweretsa ndekha Loweruka."

Titafika kunyumba mwana sanavule n'komwe jekete. Anayala pepala lake pansi, n'kupisa m'thumba la yunifomu yanga kutenga bolopeni ya kuntchito. Nyumba ziwiri zija anazijambulanso ndi inki.