Tsiku Limene Tinakatula Mkazi Mnzanga ku Boma

Tinanyamuka Lachiwiri mame asanaume, titagwada kaye pakhonde. Ndinapempherera msewu, dalaivala ndi matayala, koma chamumtima ndinawonjezera kuti, "Ambuye, bambo awa asasinthe maganizo panjira." Tinalipo atatu: ine, amuna anga bambo a Tiyamike, ndi mkazi mnzanga amene anali m'chikwama chakuda, atakulungidwa m'sokosi yakale.

Musadabwe. Mkazi mnzangayo ndi kamfuti kam'manja, kaja ka volovolo, kokwana m'thumba la jekete. Amuna anga agwira zaka zambiri pa esiteti ina kuno ku Chamama, kuthamangitsa nguluwe zimene zimatha chimanga cha matenanti. Ya ntchito inali mfuti yaikulu. Kakang'onoka kanali ka pangozi, poti nguluwe ukailasa osaipha imatembenuka n'kukulunjika, sidikira kuti uike chipolopolo china. Kanawapulumutsapo kamodzi m'dambo. Nyengo ya fodya, akuba akamazungulira zigafa, kankagona kumutu kwawo. Loweruka lililonse ankakapukuta ndi mafuta, pamene ine mafuta odzola ndinkachita kukumbutsa. Ndiye ndinakapatsa dzina limenelo, ndipo pakhomo pathu linakhazikika.

Chimene chinatinyamutsa ndi maso. Bambo anayamba ng'ala. Mfuti yaikulu anaibweza chaka chatha, koma aka anakakamira. Mwezi wathawu chakumadzulo anaona nguluwe yakuda itawerama m'munda wa mbatata. Anasolola n'kuloza. Nguluweyo inatsokomola, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, bambo?" Anali a Mateyu, tenanti wochokera ku Phalombe, bambo wa ana anayi. Amuna anga sanadye tsiku limenelo. Analonjeza kuti akakapereka ku polisi ku Kasungu boma, koma lonjezolo linadwala milungu itatu: lero mwendo, mawa kuzizira.

Kuchoka kumudzi tinakwera njinga yamoto, tonse awiri K3,000. Tinadutsa zigafa zopanda kanthu ndi minda yotsala mapesi a fodya okhaokha, fumbi likutiphoda ngati akwati. Pa Chamama tinafika cha m'ma 7 koloko n'kupeza kagalimoto ka anthu asanu ndi awiri, koma tinalowamo khumi, K7,000 mutu umodzi.

"Madala, chikwamacho tiike kumbuyo," anatero dalaivala.

"Ayi mwana wanga, muli mankhwala," anayankha bambo. Ndinawatsina pantchafu. Bodza m'mamawa, titangopemphera kumene!

Tinali titapangana kuti m'galimoto liwu loti mfuti lisatuluke. Tisanapite patali, bambo anausa moyo.

"Mayi a Tiya, koma tikuchita bwino? Zaka makumi awiri ndili naye."

"Mkazi mnzangayo lero akagona ku polisi, bambo. Tinapangana."

Pambali panga panali mayi wina wathupi, atakumbatira dengu la tomato. Anandigunda ndi chigongono.

"Pepanitu mayi, makutu alibe chitseko. Mukukamsiya mkazi mnzanu ku polisi? Walakwanji?"

Apa ndinayenera kukhala chete. Koma Ambuye andikhululukire, lilime linandiyabwa.

"Ndi wovuta, mayi. Sakonola, satunga madzi, ku nazale ya fodya sapondako. Ntchito yake kudzola mafuta basi."

"Haa! Ana ali nawo?"

"Asanu. Koma akatuluka pakhomo sabwereranso."

"Koma anandipulumutsa m'dambo," anadandaula bambo.

Kutsogolo kunali mkulu wina wachipewa chansanza, amene anagawana mpando ndi dalaivala. Anatembenuza khosi n'kunena kuti, "Achimwene, mkazi wokupulumutsa sataya. Tsikani pa Mtunthama mubwerere naye. Mitala n'kupirira."

Bambo anawongoka ngati fodya wothiridwa feteleza. "Mwamvatu, mayi a Tiya? Anthu akuona. Adalaivala, pa Mtunthama pali njinga zobwerera?"

M'maganizo mwanga ndinaona nkhope ya a Mateyu, ndinaonanso adzukulu anga amene amathamanga m'chimanga madzulo. Ndinati nthabwala yandilowetsa m'dzenje, inditulutsenso yokha.

"Afunseni akuuzeni. Mwezi wathawu mkazi ameneyu anatsala pang'ono kupha bambo wa ana anayi m'munda wa mbatata."

Kenaka mayi a tomato ananong'ona kuti, "Nanga panopa ali kuti?"

"Ali mommuno."

Abale anga, sindinaganize. Kumbuyo pakona kunali mtsikana wa chitenje chobiriwira amene anakwera pambuyo pathu ndipo sanayankhulepo chichokereni pa Chamama. Maso onse anatembenukira kwa iye. Mayi a tomato anakokera dengu lawo pachifuwa.

"Nkhope ngati mngelo! Iwe, ulibe manyazi? Bambo ofanana ndi agogo ako?"

"Ine?" anatero mtsikanayo. "Inetu ndikupita ku sikelo."

"Mwamva? Wachisanu ndi chimodzi ali m'njira!"

Mwana wa eni ake anayamba kulira. Manyazi anandigwira. Ndisanapeze mawu, bambo anakweza dzanja.

"Musiyeni mwanayo, sitikumudziwa n'komwe. Mkazi akunenedwayo ali pamiyendo panga pano. Ndi kamfuti."

Dalaivala anaponda buleki mpaka tomato anagubuduzika kumapazi. Sindinadziwe kuti anthu othinana chotero angatuluke msanga choncho. Tinatsala atatu: ine, bambo, ndi mkulu wachipewa amene chitseko chinamukanika.

Bambo anatsika pang'onopang'ono, ine pambuyo pawo, n'kupereka chiphaso cha mfutiyo kwa dalaivala. "Werengani inu, ine zilembo zinandithawa. Mulibe chipolopolo mmenemu. Ana asanu aja ali m'kachitini, m'chikwama cha mayiwa." Anthu amene anaima pafupi nane anasunthanso.

Pamenepo, m'mphepete mwa msewu wafumbi, amuna anga anafotokoza okha za a Mateyu, nkhani imene ngakhale kwa abusa anakana kuinena. Anati chala chinali kale pamalo pake, ndipo chikanachedwa chifuwa cha munthu uja, bwenzi lero ali kundende, ana anayi ali amasiye. Mkulu wachipewa anasuzumira pawindo n'kuti, "Achimwene, ndabweza mawu anga. Ameneyo kamtuleni lero lomwe."

Dalaivala analola kuti tipitirire, bola chikwama chisatsegulidwe ndiponso akatitsitse pageti penipeni pa polisi. Tinatola tomato tonse n'kukweranso. Chodabwitsa n'chakuti tsopano ine ndi bambo tinali ndi malo otakasuka.

Pa Mtunthama tinafika cha m'ma 9. Ndinagula mbatata yootcha ndi botolo la thobwa n'kupatsa mtsikana uja. Ndinamugwira dzanja n'kuti, "Mwana wanga, ndakulakwira. Pakamwa pa amayi ako pano palibe buleki." Anapukuta misozi n'kuseka. Anati dzina lake ndi Esinati, mimba yoyamba, mwamuna wake ndi tenanti. Mayi a tomato nawonso anamupatsa tomato anayi osankha, maso ali pansi. Za njinga zobwerera bambo sanafunsenso.

Kuchoka apo ndi tala, galimoto inayenda ngati yalapa. Phiri la Kasungu litaonekera ndinawauza bambo, iwo anangogwedeza mutu poti sankaliona. Manja onse awiri anali pa chikwama.

Cha m'ma 10 dalaivala anatitsitsa pageti, koma sananyamuke. Anthu onse anali pamawindo kuonerera. Bambo anaima pamenepo nthawi yaitali ndithu. Ine ndinali nditayankhula kale zokwana tsiku lonse. Kenaka mayi a tomato anakuwa kuti, "Lowani bambo, tomato akuvunda kuno!" Bambo anaseka, n'kulowa.

Anatilandira wapolisi wachitsikana, waulemu kwabasi. Anatipatsa mpando, anaona chiphaso, anatsegula kamfutiko n'kuonetsetsa kuti mulibe kanthu, analandira kachitini, n'kutilembera kalata yoti tapereka mwa kufuna kwathu. Anati, "Agogo, mwachita chanzeru." Sokosi anatibwezera.

Potuluka pali masitepe atatu. Bambo anaima pamwamba, phazi likufufuza. Dzanja lawo lamanja linapita m'chiuno mwachizolowezi, silinapezemo kanthu, linayendayenda m'malere, kenaka linagwira mkono wanga. Silinausiyenso. Tinadutsa depoti yonse choncho mpaka pachiwaya, pamene tinadya tchipisi cha K2,000 m'pepala limodzi, anyamata akabaza akutiimbira mluzu kuti, "Achikulire, chikondi mpaka mumsewu!"

Ulendo umenewu unandiphunzitsa kuti nthabwala nayo ndi mfuti, imatha kulasa amene sunamuloze, ndipo Esinati ndimamutchula m'pemphero mpaka lero. Ndinaonanso kuti amuna anga sankakakamira chitsulo ayi, ankaopa kuyenda opanda chogwira. Chikwatiwireni ine, zaka makumi atatu ndi chimodzi, anali asanandigwirepo dzanja pagulu. Ndikuthokoza Mulungu kuti pa Kasungu boma, masana dzuwa likuswa mtengo, anandigwira, ndipo ine ndi amene ndinkawauza kuti, "Kwezani phazi, bambo, pali ngalande."