Ndinamuuza Tadala Kuti Tinjerwa Sitituluka

Mwana wanga Tadala amakhala ku Hatcliffe ndi mayi ake komanso bambo omupeza. Ine ndimamuona Loweruka lokha, akabwera kuno ku Sunningdale.

Tsiku lina anandionetsa chithunzi pa foni. Inali nyumba yachifumu yomanga ndi tinjerwa ta pulasitiki, yofanana ndi ya mu gemu imene amaikonda.

"Ikangofika m'mashopu, adadi andigulira," anatero.

Adadi ankanenawo sanali ine. Mtima unandiwawa, ndipo ndinayankha ngati katswiri, pomwe gemuyo sindinaisewerepo n'kamodzi komwe. "Izi n'zabodza, mwanangu. Ndawerenga kuti sizituluka."

Anazimitsa foni. Ndivomere, ndinamva kukoma pang'ono.

Patatha miyezi iwiri anatsika kombi, minibasi ya kuno, atakumbatira bokosi losatsegula la tinjerwa tija.

"Ababa, anakunamizani," anatero. "Adadi akuti ndisatsegulire kunyumba, ndidzamange ndi inu."

Tinakhala pakhonde tsiku lonse. Chitseko ndinachiika chozondoka kawiri, iye n'kumakonza akuseka. Mpaka lero amakhulupirira kuti ndinanamizidwa, ndipo bambo uja sindinamuthokozebe. Nambala yake ndili nayo.